Loko Wofiira pa Geti la a Overton

Pulani inabadwa Lachinayi masana m'galaja ya Lamson ku Girrawheen, pa chitini chachinayi cha mowa. Ndikutchula chitini chifukwa pa choyamba amuna atatuwa ankadandaula za mvula ya Julaye, pa chachiwiri za boma la kwathu, pa chachitatu za akazi awo. Nzeru zinayamba kutuluka pa chachinayi.

Chinali chaka cha 2012, nthawi imene migodi ya kumpoto inkasanza ndalama. Mmalawi aliyense wodziwa kugwira sipanala ankakwera ndege atavala malaya achikasu, kukakhala kumgodi masabata awiri, n'kubwerako akuyenda ngati Perth ndi munda wa bambo ake. Atatu athuwa ndegeyo anaikwerapo, koma inawabweza msanga. Lamson ankasenda mbatata m'khitchini ya kumgodi mpaka kontirakiti inatha, ndipo kuyambira pamenepo ankadzitcha Foromani, ngakhale kuti sanayang'anirepo munthu ndi mmodzi yemwe. Yosefe anali wothandizira za chitetezo. Anamuchotsa ataimitsa ntchito ya anthu makumi asanu kwa theka la tsiku chifukwa makwerero ena analibe sitika. Tinkamutcha Tekifaivi, dzina la kafomu kamene wantchito wa kumgodi amadzaza asanagwire chilichonse, kulembapo zoopsa zimene zingamugwere. Wachitatu anali Ishmael, mwini yuti, galimoto ya pikapu ija, ndi ngolo yake yokoka kumbuyo, amene dzina lake la pamowa linali Sabata. Iyeyu anakulira mumpingo wa Adventist, ndipo malamulo onse anawasiya pabwalo la ndege ku Lilongwe kupatula awiri: nkhumba sakhudza, ndipo dzuwa likalowa Lachisanu sagwira ntchito.

Chimene chinkamudya Lamson chinali epuloni. Bungwe lathu la Amalawi, limene ine ndinali mlembi wake, linali ndi epuloni ya mitundu ya mbendera, ndipo ankaivala munthu mmodzi yekha, wophika nyama pa chikondwerero cha ufulu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi munthuyo anali Lamson. Ntchito analibe, galimoto inali ya mkazi wake Ennie, koma tsiku limodzi pachaka mainjiniya ankaima pamzere ndi mbale za pepala kudikira kuti iye awagawire. Nyama yake inali ya nkhumba, ya paphewa, yophikidwa mpaka kuyoyoka, kenako n'kuinyotsola ndi mafoloko awiri. Ankaiphikira mu puleshakuka, poto wa chivundikiro chothina uja amene amaimba mluzu, ndipo pa ola limodzi ndi theka zonse zinkakhala zitapsa.

Kenako a Overton anagula simoka. A Overton anali injiniya wa kumgodi, a nyumba yosanja ku Dianella, munthu amene ankati akanena kuti "kumgodi kwathu" umaganiza kuti dzenjelo anakumba okha. Simoka yawo inali chimgolo chakuda chachitsulo, chogona chammbali pa timatayala tiwiri, chokhala ndi chumuni ndi kabokosi ka nkhuni. Chaka chathacho anaikokera kuchikondwerero ikufuka, natulutsamo nyama yawo, nafotokozera aliyense kuti yawambidwa maola khumi ndi anayi pa moto wapang'onopang'ono. Atalawa ya Lamson anatafuna atatsinzina, n'kunena mokoma mtima kuti, "Si yoipa ayi. Odwala mano angaikonde." Anthu anaseka mpaka kutsamwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo Foromani anasanduka a Mluzu. Komiti inagamula kuti chaka chino onse awiri abweretse nyama Lamlungu, ndipo amene thireyi yake iyambe kutha ndiye atenge epuloni.

"Amwene, tamverani," anatero Lamson m'galaja muja, akugogoda chitini pa bokosi la zida. "Munthu uja saphika. Chimaphika ndi chitsulo chija. Tikachichotsa watsala ndi chiyani? Digiri. Ndiye anthu adzadya digiri?"

"Mukuti tikabe?" anafunsa Ishmael.

"Kuba n'kutenga chinthu osabweza, aise. Ife tikungochisuntha. Lolemba tikachisiya m'mbali mwa msewu, apolisi akachitola, aliyense wasangalala."

Pulani yake inali yathunthu. A Overton anali kumgodi mpaka Loweruka madzulo. Akazi awo, mayi Tusekile, anali namwino ku Fremantle, ndipo ankafika pakhomo faivi koloko itadutsa. Masana onse a Lachisanu nyumba inali yokha.

"Nanga geti?" anatero Yosefe.

"Kageti ka anthu oyenda pansi n'ka manambala. Mmalawi wa msinkhu uja angaike nambala yanji? Chaka cha ufulu basi."

"Nanga maneba?"

Lamson anamwetulira ngati munthu amene funsolo analidikira chiyambire mowa. "Malaya achikasu, amwene. Mu Perth muno ukavala achikasu ukhoza kunyamula tchalitchi masanasana, anthu akukupatukira njira."

Apa ndiyenera kuvomereza kuti ananena zoona. Zaka zimenezo munthu wa malaya achikasu sankafunsidwa mafunso.

"Ine ndilowa nawo dilu," anatero Yosefe, "koma pa sefite sindinyengerera. Chitsulo chija ndi makilo mazana atatu. Tikachita mwa dongosolo."

"Ine ndiyendetsa basi," anatero Ishmael. "Chinthucho chili ndi mafuta a nkhumba, dzanja langa silifikapo. Komanso mawa dzuwa lilowa faivi twente. Likangolowa ndazimitsa injini, kaya tili pati."

"Fo koloko tikhala tili pano tikumwa," anatero Lamson. Anawombanitsa zitini, ndipo ntchitoyo anaipatsa dzina loti Opareshoni Utsi.

Lachisanu anagwirizana kunyamuka thu koloko. Ananyamuka hafu fili itadutsa, chifukwa Yosefe anakana kukwera galimoto imodzi ndi munthu wovala masilipasi, ndipo jombo za Lamson zinapezeka pansi pa zokongoletsa za Khirisimasi patatha ola lathunthu. Atafika ku Dianella Yosefe anayamba ndi kundandalika zipewa zofiira za pamsewu, makoni apulasitiki aja, kuzungulira yuti. Lamson anapita pakageti, n'kudina 1964. Kageti kanatseguka. Anacheuka kuyang'ana anzake ndi nkhope ya munthu amene wakhoza mayeso a fomu folo, nalowa, nadina batani lotsegulira geti lalikulu.

Simoka inali pambali pa nyumba, pansi pa kadenga kake, ikunyezimira. Lamson anamva mtima ukumuwawa atangoiona. Anapinda manja a malaya n'kuigwira kuti ayambe kukankha.

"Imani kaye," anatero Yosefe, akutulutsa kabuku m'thumba la pamtima. "Ntchito siyamba popanda fomu."

"Tekifaivi, tikuba."

"Munati tikusuntha. Kusuntha ndi ntchito." Ananyambita nsonga ya cholembera. "Ntchito: kusuntha simoka. Malo: kwa a Overton. Zoopsa?"

"Palibe. Tiyeni."

"Zoopsa sizikhala palibe, Foromani. Msana, wani. Zala, thu. Pansi poterera, fili. Galu?"

"Alibe galu."

"Galu wa neba, fo. Mwini wake kubwera mwadzidzidzi, faivi. Imeneyo ndiika pa hayi, yoopsa kwambiri. Njira yopewera?"

"Kufulumira," anayankha Ishmael ali m'galimoto, akuloza dzuwa.

Yosefe analemba mawu oti kufulumira pang'onopang'ono, m'zilembo zazikuluzikulu. Kenako anati aliyense asayine. Lamson analemba Foromani, koma anamubwezera kuti fomu imafuna dzina lenileni, ndipo pofuna kuti nkhani ithe analemba dzina lake lonse ndi la bambo ake lomwe. Ishmael anasayinira pawindo.

Zitatha izo Yosefe anatembenukira geti. Linali lamagetsi, ndipo iye anati likhoza kutsekeka lokha iwo ali pakati ndi katundu. Anatsegula kabokosi ka magetsi pakhoma, n'kuzimitsa, n'kutulutsa chuma chokhacho chimene anabwera nacho kuchokera kumgodi. Kumeneko munthu akazimitsa makina kuti agwirepo ntchito amakolekapo loko wakewake wofiira, wokhala ndi kachikwangwani ka dzina lake, chithunzi chake ndi nambala yake ya foni, kuti wina asayatse iye ali mkati. Amachotsa ndi mwini wake yekha, ndipo ngakhale bwana wamkulu sangayerekeze kugwirapo. Yosefe anakoleka loko wake mwaulemu, nathothola pepala lachiwiri la fomu, napinda bwinobwino n'kulilowetsa kuseri kwa kabokosiko, chifukwa lamulo limati pepala limodzi litsale pamalo a ntchito.

Kukankha kunayamba fo koloko ndi theka. Timatayala tinatitimira m'kapinga wonyowa. Lamson anakankha mpaka mitsempha ya pakhosi kuoneka, Yosefe akumukumbutsa kupinda mawondo. Mkati mwa chimgolo munkamveka zinthu zikugubuduka ndi kusweka, koma Lamson anati ndi mawaya owotcherapo nyama. Ishmael anathandiza ndi maso.

Ndiye panatulukira neba, mzungu wachikulire wa kabudula, amene anali akuthirira maluwa ngakhale mvula inali itagwa m'mawa. Lamson anasiya kukankha. Koma mkuluyo anangoyang'ana malaya achikasu ndi zipewa za pamsewu, nafunsa ngati akupita nayo kokakonzetsa. Lamson anati inde. Mkuluyo anasiya payipi n'kubwera kudzakankha nawo, koma Yosefe sanamulole asanasayine kabuku. Anasayina mosangalala, nanena kuti n'zosangalatsa kuona anyamata otsatira malamulo. Atatu anakweza simoka pangolo. Yosefe anamanga zingwe, namasula, namanganso. Pamene ankachoka, neba akuwabayibitsa, inali itatsala pang'ono kukwana faivi teni, ndipo za geti panalibe anakumbuka.

Kuchokera ku Dianella kukafika ku Girrawheen si patali, koma Lachisanu madzulo maloboti onse amakhala ngati agwirizana. Ishmael ankayendetsa diso limodzi lili pamsewu, lina lili kumadzulo. Akaponda mafuta Yosefe ankawerenga liwiro mokweza. Atafika ku Mirrabooka kuwala komaliza kunazimirira kuseri kwa madenga. Ishmael anakhotera pamalo oimika magalimoto, kutsogolo kwa shopu ya zakudya za kwathu kumene theka la Amalawi a mu Perth limagula ufa Lachisanu, nazimitsa injini, naika makiyi m'thumba.

"Amwene, atsala makilomita atatu okha," anatero Lamson.

"Sabata yalowa."

"Nanga anzanu mawa sadzayendetsa popita kutchalitchi?"

"Kumeneko n'kupembedza. Uku n'kukoka katundu."

"Ndiye bweretsani makiyi ndiyendetse ine."

"Lamulo limati ngakhale ng'ombe yako ipume. Yuti iyi ndiye ng'ombe yanga."

Yosefe anawonjezera kuti laisensi ya Lamson inalandidwa mu Epulo, ndipo iye mwini analibe tikiti yokokera ngolo, tikiti imene mpaka lero sindinamvepo kuti iliko. Choncho Opareshoni Utsi inaima pansi pa getsi lowala kwambiri pamalo onsewo. Mayi wina wa ku Zambia anadutsa ndi thumba la ufa pamutu n'kufunsa ngati ayamba kugulitsa nyama, ndipo anati adzabweranso mawa ndi anzake.

Apo ndi pamene anamva fungo. Linali fungo la utsi lamphamvu, koma moto panalibe, ndipo pansi pa chimgolo pankadontha madzi akuda. Lamson anakwera pangolo n'kutukula chivundikiro.

Mkati munali moyera ngati m'mbale ya mlendo. Mawaya analibe ndi dontho la mafuta lomwe. Pamwamba pake panali mapuleshakuka atatu, aakulu kuposa ake, atagwa chammbali. Pakati pawo panali timabotolo tosweka ta madzi a utsi, aja ogulitsa m'sitolo amene ukadontheza pang'ono m'nyama imanunkhira ngati yagona pa nkhuni. Pa chivundikiro cha poto wina panamatidwa kapepala ka dzanja la mayi: ola limodzi ndi theka, madontho khumi.

Lamson anakhala pansi pangolo pomwepo. Anayamba ndi kuseka, kenako kuseka kunasanduka chinthu china, ndipo anapukuta maso ndi malaya achikasu. Chaka chathunthu ana a anthu ankamuimbira mluzu akamadutsa.

"Maola khumi ndi anayi," anatero. "Odwala mano. Amwene, munthu uyu ndi Mluzu mnzanga. Lamlungu ndikamuvula pamaso pa anthu onse."

"Mukanena kuti mwadziwa bwanji?" anafunsa Ishmael, amene anali atasuzumira. "Komanso mukanandiuza kuti mulibe nkhumba umu, ndikanakuthandizani kukankha."

Nthawi yomweyo foni ya Yosefe inalira. Nambala inali yachilendo, koma iye anayankha monga anaphunzitsidwira, ndi dzina lonse.

"Yosefe Chapola, ndikumva."

"Alamu, ndine Tusekile. Ndapeza nkhope yanu pageti langa."

Lamson anamva mawuwo ali pangolo. Anayamba kupanga zizindikiro zoti adule, akane, anene kuti loko anabedwa chaka chatha. Yosefe anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chimene chinakhala m'magazi mwake.

"Mayi, chonde musachotse loko ameneyo. Amachotsa ndi mwini wake yekha."

"Sindichotsa. Ndawerenganso fomu yanu. Mumalemba bwino, zilembo zooneka. Pa zoopsa, nambala faivi, mwini wake kubwera mwadzidzidzi. Ndabwera. Muli kuti?"

Yosefe anawauza. Pambuyo pake anadziteteza kuti kunama za malo pa nthawi ya ngozi ndi mlandu waukulu kuposa ngoziyo.

Mayi Tusekile anafika patatha mphindi khumi ndi zisanu pa chigalimoto cha amuna awo, adakali mu yunifomu ya kuchipatala. Kuthawa panalibe anayesa, popeza mayina anali kale m'chikwama mwawo. Anapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, nafunsa za kunyumba ndi za ana, kenako anasuzumira m'chimgolo n'kupukusa mutu ataona mabotolo.

Lamson anakonza kukhosi. "Mayi, ife taona zonse. Mukaitana apolisi, ifenso pakamwa tili napo."

"Lankhulani, alamu. Amuna anga anthu adzawaseka mwezi umodzi, iwo ali kumgodi osamva. Inu mudzakafotokozera khoti, kenako a za ziphaso adzakufunsani ngati mukufunabe kukhala m'dziko la eni. Neba wanga wati anyamata ake anali aulemu kwambiri, nkhope zonse akuzikumbuka."

Yosefe ananong'oneza kuti za neba anaziika pa galu yekha.

"Koma ine apolisi sindiwafuna," anapitiriza mayiwo, akutsamira ngolo. "Ine ndatopa. Chigulireni chitsulo ichi, wophika ndine. Bambo amafika Loweruka madzulo ali wefuwefu, maola khumi ndi anayi awatenga kuti? Anayesa kamodzi, anagona pampando, nyama inasanduka makala. Kuyambira pamenepo ine ndimachoka kuwodi miyendo itatupa n'kukaima pa mapoto atatu, iwo akujambulitsa ndi chumuni. Ndiye popeza mapoto anga mwawakonda mpaka kuwanyamula, mawa seveni koloko mukhale pakhomo panga. Nyama ndagula makilo makumi atatu. Muphika ndinu. Thireyi yanu mutapa momwemo."

"Ndiphikire munthu amene akufuna kundilanda epuloni?"

"Eya."

"Nanga utsi wa m'botolo? Wasweka wonse."

"Chaka chino adya yopanda. Fomu ndisunga ine."

Mayiwo analamula kuti ngolo ichotsedwe ku yuti ikolekedwe kugalimoto yawo. Ishmael anayamba kunena za Sabata, koma mayiwo anamuuza kuti ngolo si ng'ombe, ndipo iye anaganiza pang'ono n'kuvomera. Yosefe anakwera nawo kuti akachotse loko wake. Lamson anapita kwawo wapansi, malaya akununkha utsi, ndipo anauza Ennie kuti wapeza ganyu ya Loweruka.

Zonsezi ndinaziwerenga pambuyo pake. Lolemba lotsatira Yosefe anabweretsa kwa ine, monga mlembi wa bungwe, lipoti la ngozi la masamba asanu ndi limodzi, loyambira pa chitini choyamba. Ndinaliika pansi pa mafayilo ena mpaka a Overton atasamukira ku Queensland. Pa tsamba lachisanu pali za Loweruka, monga Yosefe anazimvera kwa Lamson mwini, ndipo pamenepo ndinamumvera chisoni Lamson.

Anapita ndi mtima woti akawononge. Akanatha kuchulutsa mchere, akanatha kuphula nyama isanapse. Koma atangogwira mpeni dzanja linamukana. Anadula mapewa aja bwinobwino, napaka adyo, paprika, shuga pang'ono ndi tsabola wa kambuzi amene anabwera naye yekha m'thumba. Anayamba wakazinga nthuli iliyonse mpaka kufiira asanatseke chivundikiro. Mapoto atatu anaimba mluzu kawirikawiri tsiku limenelo. Msuzi anauwiritsa padera mpaka kulimba, nathiramo vinigala, naubwezera m'nyama atainyotsola. Mayi Tusekile anakhala pampando, miyendo ili pa sitolo, akumwa tiyi. Pomaliza anakhuthulira nyama yonse m'beseni limodzi, natakasa okha, nadzaza mathireyi awiri ofanana, nakutira ndi foyilo. Imodzi anapatsa Lamson. Ina anaika m'firiji kudikira injiniya.

Za Lamlungu ndinaona ndi maso anga. Tinasonkhana muholo ku Mirrabooka mapemphero atatha. Lamson anaima patebulo lake atavala epuloni, atasita, mafoloko awiri ali m'manja. Kenako panja panamveka hutala. A Overton analowa pabwalo akukoka simoka, chumuni ikufuka, iwo akuyasamula kuti aliyense aone kuti sanagone. Thireyi yawo inali itakhala m'chimgolomo theka la ola, yokutidwa ndi foyilo kawiri, moti utsi unangoilambalala. Yosefe anathamanga kukazunguliza zipewa za pamsewu. Ishmael anakhala patali ndi mbale ya nkhuku.

Mzere wonse unapita kwa a Overton. Ndinamva mayi wina akunena kuti utsi walowa mpaka mkati mwenimweni. Katswiri wina wa miyala anafotokozera anzake kuti nyama yowamba imadziwika ndi ulusi wake, umene poto sangatulutse ngakhale atalira tsiku lonse. Wapampando wathu, munthu wachilungamo, anatapa mbali zonse ziwiri, natafuna iyi, namwa madzi, natafuna iyo.

"A Mluzu, kusiyana kulipo," anatero. "Yanuyi ikumveka madzi."

Lamson anayang'ana kumene kunali mayi Tusekile. Mayiwo anamwetulira mwaulemu n'kusisita chikwama chawo.

Thireyi ya a Overton inatha m'mphindi makumi awiri, ndipo ena anapukuta pansi pake ndi buledi. Ya Lamson inali isanafike pa theka. Wapampando anaitana onse awiri kutsogolo. Lamson anavula epuloni, naipinda, naipereka ndi manja awiri. A Overton anaivala pakhosi, koma manja awo anali a mafuta, choncho anatembenuka n'kupempha kuti awamangire kumbuyo. Anawamangira. Anthu anawomba m'manja, ndipo injiniya anagwira phewa la mnzake.

"Chaka chino mwayesetsa, achimwene. Koma nyama imafuna kuleza mtima. Mudzabwere kunyumba tsiku lina mudzaone mmene timachitira."

Pobwerera ine ndinapempha lifiti, ndipo ndinakhala kumbuyo. Ennie ankayendetsa. Lamson anakhala pambali pake, thireyi ya nyama yotsala ili pamiyendo. Tinadutsa maloboti awiri. Kenako Ennie anatambasula dzanja n'kumugwira bondo mwachikondi.

"Bambo a Joan, musakhumudwe. Ine ndinaima kumbali yanu, munandiona. Koma pamapeto ndinalawako ya a Overton ija, pang'ono pokha." Anapumira m'mwamba. "Ndinene zoona? Zaka zonse ndakhala nanu sindinadyepo nyama yotero. Ija ndiye nyama. Mwina mungodzichepetsa, mupite akakuphunzitseni."

Lamson anaweramira nyama yotsala ija. Anakonza foyilo pa thireyi, kona iliyonse payokha.

"Ndiyamba Loweruka likubwerali," anatero. "Mayi Tusekile andiitana kale. Kuli chinkhoswe cha anthu zana."